Mudzabwere Kuti Ndizigona Tulo

Zingwangwa,
Blantyre.

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndafunsa za moyo wanu. Kodi miyendo ija yaleka kutupa, kapena mukulimbanabe ndi dimba ngati mtsikana? Ife kuno tili bwino. Amuna anga a Maxon akupitabe kowotcherera ku Ndirande, ine makina anga osokera sakupuma chifukwa mayunifolomu a ana a sukulu achuluka.

Khalani pansi kaye, Amayi. Ndine woyembekezera, ndipo miyezi yapitapo ndithu. Musandikwiyire kuti ndinakubisirani. Ndikufuna mumve mmene tafikira pano, chifukwa ine ndikudzinyadira, sindinama.

Mukudziwa kuti chitulukireni m'chipatala cha matenda a maganizo ndakhala ndikumwa mapiritsi aja otchedwa valuproweti. Anandithandiza zedi, zoyankhula osapuma ndi zoyendayenda zija zinatheratu. Titangokwatirana ndinawauza adokotala anga, a Asiyatu, kuti tikufuna mphatso. Iwo anati ndachita bwino kunena ndisanaime. Anandifotokozera kuti mankhwala amenewo ndi abwino kwa ine koma ndi oopsa kwa mwana wa m'mimba. Ena amabadwa ndi msana wosatsekeka, ena amadzavutika kuphunzira.

Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinawafunsa ngati anaziona okha kapena anangomva kwa anzawo. Anaseka, n'kunena kuti si maganizo awo ayi, akafukufuku anatsatira amayi ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana ndipo anapeza zomwezo. Anatinso kungosiya mankhwala nakonso n'koopsa, matenda amabwerera ndi ukali. Tinagwirizana zosintha pang'onopang'ono kupita ku mtundu wina umene umboni wake ukusonyeza kuti chiopsezo kwa mwana n'chochepa, ine ndili kaye pa njira yolera.

Kudikirako ndiye inali ntchito. Apongozi anga a ku Bangwe ankabwera akaweruka ku tchalitchi, moni ali pakamwa koma maso ali pamimba panga. Tsiku lina anabwera ndi botolo la zitsamba, ati zotsegula njira. Ndinalandira ndi manja awiri, koma sindinalawe n'dontho lomwe. Ndinapita nalo kwa a Asiyatu, iwo anati sakudziwa zili m'katimo, nanga angadziwe bwanji mmene zingakumanirane ndi mapiritsi. Zija zoti ena ayamba kunong'ona kuti mkazi wodwala mutu sabereka ndinazimva, ndipo ndinalira. A Maxon anaima nane, anauza mayi awo kuti nkhani ya mwana azifunsa iwowo, osati ine.

Choseketsa n'chakuti mankhwala atsopanowa amanenepetsa. Ndinayamba kudya ngati ndachokera ku ganyu. Apongozi ataona masaya ndi chiuno anandiletsa kunyamula ndowa, anagula ndi chitenje choberekera. Ndinachita kuwalumbirira kuti ndi mandasi chabe. A Asiyatu anali atandichenjeza kale za kunenepaku, ndiye amandikweza pa sikelo ndi kundiyeza shuga ndikapita. Masiku ano zovala za makasitomala a ku Naperi ndimakapereka wapansi, minibasi ndinaisiya.

A Asiyatu ataona kuti mutu wanga wakhazikika pa mankhwala atsopanowa, anandipatsa timapiritsi tina toteteza msana wa mwana, kenako anati tsopano tikhoza kusiya kulera. Sipanatenge nthawi, ndinaima. Sabata yathayi anandiunika pa sikani. Amayi, ndinauona ndi maso angawa msana wa mdzukulu wanu, wotsekeka bwinobwino kuyambira m'khosi mpaka pansi ngati zipi yosokedwa ndi ine. A Maxon anatuluka panja ati kukayankha foni, koma foniyo inali m'chikwama mwanga.

Pempho langa ndi limodzi. A Asiyatu akuti nthawi yoopsa kwambiri kwa munthu ngati ine ndi masabata oyamba ndikachira, makamaka ndikamasowa tulo. Akuti amayi ambiri a matenda angawa amadwalanso pamenepo, ndipo zikatero angandigoneke m'chipatala mwana ali wakhanda. Zimenezo ndikuziopa kwambiri. Mankhwala ndidzapitiriza kumwa, koma pakufunika munthu wolera mwanayo usiku, wongondibweretsera kuti ayamwe n'kumutenganso. Apongozi adzipereka ndipo ndawathokoza, koma ine ndikufuna inu. Ndinu nokha amene mumadziwa maso anga akayamba kusintha, ine mwini ndisanazindikire.

Choncho mukangokolola, dimba mumusiyire mlongo wanga Laurenti, inu munyamuke. Chipinda chosokera ndachikonza kale, makina ndawatulutsa pabalaza. Nthawi ija ndinadwala, munakhala maso mutandigwira dzanja kuti ndisathawire kumsewu. Ulendo uno mudzakhale maso mutanyamula mdzukulu wanu, ine ndili mtulo.

Mundiperekere moni kwa malume ndi akazi awo, kwa amayi aang'ono, kwa Laurenti ndi mlamu wanga, ndi ana onse. A Maxon akuti moni wambiri, akuti bedi lanu awotcherera okha.

Mutsale bwino, Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu,
Veronica