Makoma a Galaja ya pa Chulu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Makhuwira tilipo, koma tulo sindikupeza. Ndiyambe ndi zabwino. Mimba ija munandisiya nayo inabala mtsikana, ndipo tinamutcha Fanesi, dzina lanu. Wayamba kukwawa, chilichonse akachipeza n'cha m'kamwa. Mapira anachita bwino, thonje ndiye linadyedwa ndi mbozi. Mbuzi yanu yamakani ija ikadalipo, ikudyabe zovala pachingwe.

Nkhani imene yandivuta ndi ya galaja. Mkamwini wanu, bambo ake Lusiya, anagula kagalimoto kakale kotengera katundu, ndipo anakamangira galaja pa chulu paja panali nyumba yanu. Poyamba ndinakwiya kuti malo anu aperekedwa kwa chitsulo. Koma madzi atasefukira chaka chatha, m'nyumba mwathu analowa mpaka m'mawondo, pomwe galaja sanaikhudze. Tinatulutsa galimoto n'kugonamo ife. Choncho tagwirizana kuti chaka chino madzi akabwera, kothawira n'komweko.

Vuto n'lakuti makoma ake m'kati ndi njerwa zokhazokha, zomangira matope, mipata ili yasa. Lusiya analumidwa ndi nankalizi mmenemo, analira tsiku lonse. Ndinawauza bambo ake kuti mwana wokwawa sindingamugoneke pamalo otere, makomawo akonzedwe mvula isanayambe. Anavomera, koma pa zokonzera ndi pomwe tinasiyana.

Iwo mtima unali pa mabolodi. Pamene ankagwira ntchito kumunda wa nzimbe anaona galaja ya bwana wina, makoma okhomedwa mabolodi osalala, opakidwa penti, zitsulo zonse zitapachikidwa pa misomali. Chiyambire sanaiwale. Akuti mabolodi sachedwa, umakhoma timatabwa pakhoma, n'kukhomerapo bolodi, dzuwa lisanalowe ntchito yatha. Mukuwadziwa mkamwini wanu, chimene anaona kwa bwana chimakhala ngati chatsika kumwamba. Anakagula mabolodiwo ku Chikwawa osandiuza, ndinangoona galimoto ikutsitsa.

Kukongola ndi okongoladi, Amayi, sindinama. Koma nditawagogoda ndi chala, analira ngati ng'oma. Ndinakumbukira mmene munkachitira mukamaliza kuzira nyumba, kuyenda mukugogoda khoma, khutu mutatchera. Munkati khoma lisakhale ndi mimba, likakhala ndi mimba ndiye kuti pali chimene lameza. Munkanenanso kuti madzi akabwera, chamoyo chilichonse chimathawira komwe wathawira iwe. Ine ndinaziona ndi maso anga chaka chatha. Pa chulu paja sitinali tokha. Panali makoswe, achule, ndi njoka ziwiri zimene zinakwera mumtengo wa msawu. Nanga tikazikonzera chipinda kuseri kwa bolodi, pamdima, pouma, pafupi ndi mphasa ya mwana?

Ndinawafotokozera zonsezi. Anaseka, akuti ndatengera mantha a mayi anga. Ndinawonjeza za chiswe, ndi zoti bolodi likanyowa limafufuma, ndi za zigubu za petulo zimene amasunga momwemo. Ndinafika powauza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anangoti miyambi simanga nyumba.

Ine ndinkafuna kuzira ndi dothi monga munandiphunzitsira. Mmisiri amene anamanga galajayo, a Nyamithambo, anandiletsa. Anati dothi ndi labwino pokhala anthu, koma m'galaja chitsulo chikangogunda limagamuka, komanso chinyezi chikakwera limasweka n'kutsegulanso mipata. Iwo anati pulasitala wa simenti ndi mchenga wosefa, pamwamba pake laimu woyera, kuti kanthu kakamayenda pakhoma kazioneka msanga. Mawu amenewo anandigwira mtima, koma mwini galimoto anakana, akuti simenti imachedwa kuuma ndipo mabolodi agula kale.

Sabata yatha anayamba kukhoma timatabwa. Mukudziwa mabowo aja amisiri amasiya pakhoma, molowetsa mitengo yoponderapo pomanga? Lina lili m'munsi, pakona pomwe ndinkayala mphasa. Bambo ake Lusiya anapisamo dzanja kuti achotse zinyalala, n'kusolola khungu limene njoka yafundula. Linali lalitali kuposa mkono wanga, losaphwanyika, latsopano. Fanesi anali pansi pomwepo akuseweretsa chipande.

Bambo ake anamunyamula mwana n'kundipatsa, ndipo anazula timatabwa tonse. Madzulo ake anapita okha kwa a Nyamithambo. Mabolodi aja tsopano akhala mashelefu, pamwamba, poonekera mbali zonse.

Mwina muganiza kuti mtima wanga wakhala pansi. Ayi, Amayi, ndikuopabe. Mwini khungu lija sitinamupeze. Tinafukiza utsi, tinatokosa mabowo onse, palibe chinatuluka. Sindidziwa ngati anachoka, kapena tamutsekera m'kati, kapena akudikira madzi monga tikudikirira ife. Pulasitala watha makoma awiri okha, ndipo mmisiri akuti asathamangitsidwe, azithiridwa madzi kuti asang'ambike. Pomwe mitambo kumapiri a Thyolo yayamba kale kuda, Shire nayenso wayamba kusintha mtundu.

Mchenga ndikusefa ndekha, mwana ali kumsana. M'mawa uliwonse, mmisiri asanafike, ndimalowa n'kuyenda ndikugogoda khoma kuyambira pansi, khutu nditatchera. Dzulo ndinapeza pena pakulira mosiyana, ndipo ndinawagumulitsa kuti abwerezenso. Anadandaula, koma anagumula. Lusiya wayamba kunditsatira m'mbuyo, akugogoda ndi kachala kake.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri nyengo ino. Ndikukulonjezani kuti kaya madzi abwere mawa, Fanesi wanu sindidzamugoneka pafupi ndi khoma limene sindinaligogode. Likapanda kutha, adzagona pachifuwa panga, ine nditakhala tsonga.

Ndine mwana wanu,
Esinta