Tikiti ya a Cirilo

Loweruka, 4 Novembala
Anthu ngati nyerere pa depoti. Tsiku lonse pa makina ounikira katundu, maso kuwawa. Abwana Yujra abwerezanso lamulo lawo: mafupa a munthu opanda chiphaso asadutse. Andikumbutsanso kuti ndidakali pa miyezi yoyeserera. Ndamva, bwana, ndamva!

Lolemba, 6 Novembala
Chibade pa galasi la makina! Kutsegula katoni, chavala chipewa choluka, thonje m'maso, ndudu pamano. Eni ake ndi mayi Eulogia, okalamba ndithu. Akupita nacho ku La Paz kukadalitsa Lachitatu, tsiku la zibade.

"Ndi amuna anga a Cirilo, mwanawe. Zaka khumi ndi zinayi akulondera nyumba, wakuba sanapondepo."

Chiphaso alibe. Ndalanda, ndakaika pa shelefu pakati pa mipeni ndi mabotolo a mowa. Sanandinyoze. Bola akanandinyoza.

Lachiwiri, 7 Novembala
Sanapite kwawo, angokhala pa benchi moyang'anana nane. Ku ofesi ya ziphaso awauza kuti sabata yamawa. Masana andipempha ndikawayatsire ndudu a Cirilo, ati sanazolowere kutandala osasuta. Ndakayatsa, ine wa kwaya ine!

Ndikawabwezera, ntchito yatha. Ndikapanda kutero, ndidziona bwanji? Mtima ukundiwawa.

Lachitatu, 8 Novembala
Basi ya 6 koloko m'mawa ndiye inali yomaliza kwa ofuna kukapeza mwambo. Mzere unasefukira zingwe, kukankhana, mluzu uli pyee. Mayi aja anafika patebulo panga ndi matikiti awiri.

"Makina anuwo ndi a katundu. Amuna anga si katundu. Mpando wawo nambala 14, wa pawindo."

Ndinatenga kiyi, ndinakawatulutsa a Cirilo. Kenaka ndinawaperekeza onse awiri ku chipata cha anthu. Kufika, amene akung'amba matikiti ndi abwana Yujra! Ndinadziuza kuti basi Nieves, yambapo kuvula yunifomu.

Anayang'ana ine, anayang'ana katoni, anawerenga matikiti nthawi yaitali. Kumbuyo anthu akukuwa kuti tiyeni, tiyeni, basi itisiya.

Abwana anavula chipewa chawo, nang'amba matikiti onse awiri.

"Muyende bwino, a Cirilo."

Kwa ine anangoti, "Wasiya makina ndi ndani?" Ndinathamanga.