Masiku Amene Ndinasaka Mwana Wanga m'Tauni

Lolemba, 9 Juni

Ndafika m'tauni cha m'ma 4 koloko. Miyendo yatupa ndi basi. Ndili kwa alamu, ndigona pamphasa m'chipinda cha ana.

Kamdzukulu ndakasiya kuchipatala ndi bambo akunyumba. Kali ndi zaka zinayi. Sabata yathunthu kali pa okosijeni. Dzulo adokotala anandiitanira pakhonde n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi ake a mwanayu ngati alipo, aitaneni msanga." Sindinafunse zambiri.

Foni ya mwana wanga, mayi ake a kamwanako, yazima masabata atatu tsopano. Chomwe ndili nacho ndi chithunzi chake ndi mawu amene ananena atabwera komaliza: "Amayi, ndikugwira ntchito ku lounge." Ine ndinkayesa pabalaza. Kusukulu anatiphunzitsa choncho. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuuza anzanga kuti akusesa m'nyumba ya bwana wina.

Alamu aseka mpaka kutsokomola. Ataona nkhope yanga, asiya. Akuti lounge ya masiku ano ndi bala, kungoti ya mipando yofewa.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndayenda tsiku lonse. Msewu umodzi wokha, malo odyera ndi omwera khumi ndi anayi, aliwonse ndi dzina lake. Ndikulemba kuti ndisabwerere komwe ndafika kale.

Café. Tiyi, makeke, anthu chete aliyense pa kompyuta yake. Sakumudziwa.

Bistro. Ndinafunsa mtsikana woperekera zakudya kuti ndiye kuti chiyani. Anati, "Ndi lesitilanti yomweyo, mayi, kungoti mbale zikuluzikulu, chakudya pang'ono." Anayang'ana chithunzi nthawi yaitali. Ayi.

Pub. Mpira pa TV, abambo amimba. Tavern, chimodzimodzi, koma fungo la mkodzo. Grill, utsi wa nyama. Njala inandigwira pamenepo, ndinachita nayo manyazi.

Ma lounge awiri ndawapeza otseka. Amatsegula dzuwa likapendeka.

Zaka makumi atatu ndikusoka zovala, ndimadziona wodziwa Chizungu. Lero ndakhala mbuli.

Lachitatu, 11 Juni

Ma lounge asanu. Pa lounge yachitatu mlonda anandiyang'ana patapata, amvekere, "Kuno si kutchalitchi, mayi." Ndinamusonyeza chithunzi, sanachigwire n'komwe. Ndinaima panja kuyang'ana mtsikana aliyense wolowa. Mawigi, timasiketi. Wina anayenda ngati iye, kupendekera kumanzere. Ndinamugwira dzanja. Si iye. Anandipepesa yekha, ngati wolakwa ndi iyeyo.

Wina wati ndikayese ku club. Ndinkayesa kalabu ya amayi, ngati yathu yoluka. Ayi, ndi kovina. Mwana wanga uja ankalephera ndi kuvina komwe.

Bambo akunyumba aimba. Kamwana sikakumwa ngakhale madzi. Katsegula maso kamodzi, kufunsa ngati amayi afika. Ndawauza kuti ndatsala pang'ono kumupeza. Bodza.

Ndamukwiyira mwana wangayu, Mulungu andikhululukire. Kenako mantha. Alamu ati mawa tikaone ku mochale. Ndakana.

Lachisanu, 13 Juni

Dzulo tinapita. Mulibe. Sindilemba zambiri za kumeneko.

Lero m'mawa ndinagogoda khomo lakuseri la lounge ina, kumene amatayira mabotolo. Kunatuluka mayi wokolopa, wamsinkhu wanga. Atangoona chithunzi anaika mopu pansi. Amamudziwa. Akuti mwana wanga anachotsedwa ntchito mwezi watha. Kasitomala wina anamugwira bere, iye n'kumuthira mowa kumaso. Bwana anasankha kasitomala. Foni anamubera tsiku lomwelo.

Mayiyo anati anamva kuti ali ku diner, kufupi ndi depoti ya mabasi. Ine ndinamva dinner, chakudya chamadzulo. Ndazungulira depoti maola atatu kufunsa komwe kuli dinner. Wina anandilozera kwa amayi ogulitsa chakudya, wina anandipatsa nthochi poganiza kuti ndikupempha.

Mwana wa alamu wandilembera papepala. N imodzi basi. Akuti ndi malo odyera otchipa, amatsegula m'mawa. Kachilembo kamodzi kandidyera tsiku lonse.

Loweruka, 14 Juni

Ndamupeza. Kuseri kwa diner ija, akutsuka mbale, manja atayera ndi sopo. Waonda. Amagona m'chipinda chosungiramo matumba a mpunga. Nambala yanga amaidziwa pamtima. Anati, "Ndimati ndiyambe ndaima kaye pandekha, amayi, ndinkachita manyazi." Ndinakonza mawu ambiri sabata yonseyi. Ndinangomumasula epuloni.

Takwera basi ya 11 koloko. Padepoti wagula kagalimoto kapulasitiki kofiira, ka mwana wake.

Ndikulemba basi itaima, anthu atsika kukadzithandiza. Nanenso ndinatsika. Foni inalira ndili kuseri kwa chimbudzi. Bambo akunyumba. Sanathe kulankhula, anapatsira anamwino. Kamwana katisiya cha m'ma 2 koloko, akuti, kali m'tulo.

Ndasamba kumaso pampopi. Ndakwera. Mwana wanga wagona, mutu pawindo, kagalimoto kali pamiyendo. Sindinamudzutse. Kwatsala maola atatu kuti tifike.

Wadzuka. Akufunsa ngati aimba.