Mervis Akufuna Kusiya Chichewa

Loweruka, 12 Okutobala

Kholo lililonse limene mwana wake wafika Fomu 4 lili ndi kanthu kamene kamaliluma mumtima: kodi mwanayu asankha bwino? Ine kanga kandiluma lero, ndipo kaluma pamene sindinayembekezere.

Mervis, chitsirizira wanga, wandipatsa uthenga wa kusukulu. Anaulandira dzulo koma wagona nawo. Akuti pofika Lachisanu aliyense akhale atanena maphunziro amene adzalembe pa mayeso a MSCE, ndipo kholo lipite likavomereze pamaso pa mphunzitsi wa kalasi. Iye ali ndi maphunziro asanu ndi atatu. Akufuna kuchotsapo limodzi kuti apeze mpata wolimbana ndi Fizikisi, amene amamuvuta.

Ndamufunsa, usiya liti? Wayamba wapukuta tebulo louma kale. Kenaka, "Chichewa, ababa."

Chichewa! Mwana wa ine Levison Zikhalo, amene ndaphunzitsa Chichewa mpaka fumbi la choko linasanduka imvi.

Ndangoti tikamba mawa. Tiyi wazizira m'kapu.

Lamulungu, 13 Okutobala

Sitinakambe. Ku Misa pa Bembeke ulaliki sindinaumve bwino, mutu unali pa mneni mmodzi.

Siya. Mneni wooneka wofatsa koma ali ndi minga. Munthu akamwalira timati watisiya. Mwana wotsala timati wamasiye. Magadalena wanga anatisiya, chaka chachitatu chino. Ndiye mwana yemweyo adzinena kuti "ndisiya" m'nyumba yomweyi, ngati akunena za chikho cha pachitsime.

Potuluka ndakumana ndi Macdonald, mphunzitsi wa kalasi ya Mervis. Ndinamuphunzitsa ali kamnyamata kovala kabudula wazigamba, sankatha kusiyanitsa mfuwu ndi mvekero. Lero ali ndi kamimba ndi njinga yamoto. Akuti, "Aphunzitsi, tikuyembekezani Lachisanutu." Ndati ndibwera. Sindinanene kuti ndibwera kudzatani.

Mapichesi a kuseri kwa khitchini ayamba kufiira mbali imodzi.

Lolemba, 14 Okutobala

Madzulo ndamukhazika pansi. Ndafotokoza pang'onopang'ono, monga ndinkachitira m'kalasi, chifukwa nkhani ya mapointi imasokoneza ngakhale akuluakulu.

Pa mayeso amenewa, wochepa ndiye wamkulu. Pointi imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti wakhoza mwapamwamba. Zitatu mpaka zisanu ndi imodzi, wakhoza bwino, ndiyo kirediti. Kupitirira apo wangodutsa, kapena wagwa. Posankhira ku yunivesite amatenga maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino, Chingerezi chili momwemo, n'kuphatikiza. Ndiye munthu wanzeru sataya phunziro limene limamupatsa imodzi kuti asunge limene limamupatsa zisanu ndi imodzi. Kumapeto kwa Fomu 3 Chichewa anapeza imodzi. Fizikisi anapulumukira pakhomo. Ndati, mwanawe, mlimi sazula chimanga chobiriwira n'kusiya chachikasu. Siya Fizikisi. Wamva? Ndibwereze?

Wandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Kenaka akuti, "Mapointi ndi khomo loyamba chabe, ababa. Pa khomo lachiwiri amayang'ana kuti walemba chiyani. Uinjiniya wa zamagetsi salowa munthu wopanda kirediti ya Fizikisi, ngakhale atapeza imodzi-imodzi kwina konseko."

Zimenezo ndimazidziwa. Ndinazinena ndekha kwa makolo ambirimbiri.

Ndati nanga ukalephera Fizikisiyo? Uli m'madzi. Pamene ndi Chichewa chakochi, koleji ya aphunzitsi ili pa Bembeke pompano. Loweruka lililonse uli pakhomo, wapansi, osakwera n'komwe minibasi. Uinjiniyawo ndi kummwera uko, ulendo wa tsiku lathunthu.

Akuti, "Ndamva, ababa."

"Ndamva" ameneyo ndimamudziwa. Anali wa mayi ake. Satanthauza kuti ndavomera.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. Kulibe sukulu. Ana anga akuluakulu aimba foni, Bongani kuchokera ku Lilongwe, Kettie kuchokera ku Kasina. Onse "muli bwanji, muli bwanji," palibe wotchula dzina la mayi awo. Ndi bwino choncho, tonse tikanalira.

Ndakhala pakhonde nthawi yaitali. Tsiku ngati lino Magadalena ankakana kugwira ntchito. Ankayala mkeka pansi pa mpichesi, wailesi yake pambali, kumvera moni wa amayi, uku akusenda kachewere amene ankati sasenda. Wailesi imeneyo ndinamugulira nditalandira malipiro anga oyamba a kusekondale. Inasiya kulankhula iye akudwala. Chimwalirire chake ili pamwamba pa kabati, yofunditsidwa chitenje chake, ndipo ndinanena kuti pasapezeke woigwira.

Ankandiseka ndi galamala yanga mayi ameneyu. Tsiku lina anandimva ndikukonzekera phunziro la misintho ya aneni, ndikuyankhula ndekha: phika, phikira, gula, gulira, siya, siyira. Ndinamufotokozera kuti kamphatikiri kakang'ono ako kamabweretsa munthu wina m'nkhani, kuti ntchitoyo ikuchitikira wina, ndipo timati msintho womchitira. Basi anagwira pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo akamapita kudimba ankakuwa ali panja, "Aphunzitsi! Ndakusiyirani phala pa mbaula. Msintho womchitira!" Ana n'kumaseka mpaka kugwa.

Ndakumbukanso Mervis ali Sitandade 2, atamasula tochi yanga yonse, tizidutswa atatindandalika pamphasa ngati akugulitsa. Ndinafuna kumukwapula. Magadalena anati, "Musiyeni, muone ngati abwezeretse." Anabwezeretsa. Kasipuling'i kamodzi kanatsala, koma tochiyo inayaka.

Lero Mervis waphika kachewere wa tomato monga ankaphikira mayi ake.

Lachitatu, 16 Okutobala

Kwabwera alamu anga a Timoteyo, mlongo wa Magadalena, amene amagulitsa kachewere pa Chimbiya. Akuti amangodutsa. Munthu sadutsa pano, msewu umathera pa ife. Mervis ndiye wawaitana amalume akewo, ndadziwa.

Ndawafotokozera za mapointi bwinobwino. Akuti, "Sukulu yanuyi njodabwitsa, alamu. Wapeza zochepa ndiye dolo? Kwathu pa Chimbiya wagulitsa zochepa timakamupepesa." Ndabwerezanso. Ndafika pa koleji ya pa Bembeke, za Loweruka lililonse pakhomo, iwo aseka mpaka kutsokomola.

"Ehee, pamenepo ndiye mwanena Chichewa chomveka. Zinazo munali kuzungulira phiri. Alamu, mbuzi timaimanga m'dzinja kuti isadye chimanga cha eni. Nanga uyu wadya cha yani? Mwamumanga chingwe mwanayu, chingwecho mwachitcha Chichewa."

Ndati inu a Timoteyo, za sukulu zisiyireni ife.

"Ndakusiyirani. Koma mbumbayi njanga, musaiwale. Ndipo mukaopa kutsala nokha, nenani, tikupezereni wina wokuphikirani phala. Pa Chimbiya alipo amasiye onenepa bwino."

Ndawaponyera chitsononkho. Aseka. Inenso ndaseka, koma mawu awo a chingwe sakundichoka m'mutu.

Powaperekeza ndawaona akunong'onezana ndi Mervis pa mpanda. Ndangomva a Timoteyo akuti, "Kakang'ono choncho? Chabwino, Lachisanu."

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndinapita kumunda kukaona mizere. Pobwerera, dzuwa litapendeka, ndapeza chitenje cha Magadalena chili chopindidwa pampando, pamwamba pa kabati palibe kanthu.

Ndamupeza Mervis pansi pa mpichesi. Wailesi ili chagada pamkeka, mimba yake pamtunda, timisomali tili m'mbale ya tiyi, buku la Fizikisi lotsegula lotsamizidwa ndi mwala. Ndakuwa, ndani wakuuza kuti uigwire? Sindinanene ine?

Sanathawe. Akuti, "Takhalani kaye pansi, ababa, ndikuonetseni."

Sindikudziwa chifukwa chake ndakhala.

Wandionetsa ndi kamtengo. Akuti moto wa mabatire umayenda m'tinjira iti ngati madzi mu ngalande ya kudimba. Apa umachepetsedwa, apa umadutsa. Kanthu aka, kofanana ndi nyemba, akuti kapasita, kali ngati kadamu, kamasunga pang'ono n'kumatulutsa mwadongosolo. Katupa pamwamba, ndiye kuti kanafa. Madzi sakufika kumunsi, n'chifukwa chake wailesi ili duu. Zina zonse zili moyo. Amalume akabweretsa kena mawa kuchokera kwa wokonza mawailesi pa Chimbiya.

Kenaka wandiyang'ana, mutu ataupendeketsa. "Mwamva? Ndibwereze?"

Mawu anga enieni. Ndi kapendeketsedwe komwe. Sindinamuonepo akufotokoza ndakatulo ndi maso owala chotero, ngakhale amapeza imodzi.

Ndati, komabe mayi ako anaisiya choncho, ikhale choncho.

Watembenuza kamsomali m'zala. Kenaka motsitsa mawu, "Sanaisiye, ababa. Anatisiyira." Wadikira pang'ono. "Msintho womchitira."

Ndanyamuka, ndati ndikatsekere nkhuku. Nkhuku zinali zisanabwere n'komwe. Ndaima m'khola lopanda kanthu mpaka maso anauma.

Mawa ndi Lachisanu.

Lachisanu, 18 Okutobala

Tanyamuka limodzi m'mawa, kachisanu ka kuphiri kadakalipo. Njira yomweyi ndinkayenda ndi mabuku m'manja, ana akundilonjera mbali zonse. Mitengo ya bulugamu ija anadula, pamera nyumba. Mervis anali patsogolo, osacheuka. Sanandifunse kuti ndikanena chiyani, inenso sindinamuuze.

Kusukulu makolo ali pamzere kunja kwa ofesi. Mayi wina kutsogolo kwathu akuuza mwana wake, "Usiye Masamu omwewo, amakudwalitsa mutu." Ndinafuna kulowererapo ndimufotokozere kuti popanda Masamu makomo ambiri amatsekeka. Ndadzigwira. Ndili ndi mlandu wanga.

Talowa. Macdonald waimirira, wandipatsa mpando wake, iye wakhala pa benchi. Akuti, "Aphunzitsi, sindibisa. Fizikisi wa Mervis ngwofooka, koma akukwera, ndipo amabwera yekha kudzafunsa masana. Akalimbikira, kirediti yabwino ingatheke. Ingathekenso ayi. Chichewa ndiye n'chake kale. Ndiye mwagwirizana kuti akusiya liti?"

Mervis maso ali pa nsapato.

Ndati, "Sakusiya lililonse."

Onse awiri andiyang'ana.

"Akusiyira. Chichewacho akusiyira ine, ndimusungire. Akadzabwera patchuthi kuchokera kummwerako adzachipeza. Fizikisiyo alembe."

Macdonald wayamba kuseka, wamenya tebulo. "Siya, siyira! Msintho womchitira! Aphunzitsi, munandiimika pa benchi chifukwa cha umenewu." Ndati ndiye walowatu. Ndamuuzanso kuti Mervis akagwa Fizikisiyo ndidzabwera kudzamuimikanso, ndi kamimba kakeko.

Kunja kwa ofesi Mervis wagwada pafumbi pomwepo, anzake akuona, wawomba m'manja kawiri, wadzuka, wathamangira m'kalasi.

Ndabwerera ndekha. Njira inatalika.

Madzulo ndapeza a Timoteyo ali pakhonde, akudya mapichesi anga osapsa. Akuti, "Alamu, ndamva mbuzi yamasulidwa." Kuseri Mervis anali atagwada pafupi ndi mbaula, akutenthetsa msomali pamakala, n'kumamatira nawo m'mimba mwa wailesi kapasita kamene amalume abweretsa, kautsi kakukwera. Lilime lili panja pang'ono, ngati tsiku la tochi lija.

Watseka, wamanga timisomali, waika mabatire. Wayala chitenje cha mayi ake pamkeka, waikapo wailesi. Sanayatse. Wabwera kudzandigwira dzanja.

"Tayesani nokha, ababa."

Ndapotokola kabatani. Yatsokomola kawiri, yapuma, kenaka yayamba kulankhula.

M'Chichewa.