Mjigo watsopano wa aphungu athu

Loweruka, ku Golomoti. Lero kunatentha mwachipongwe.

Aphungu athu anabwera kudzatsegulira "mjigo watsopano" wa ndalama za chitukuko. Ndi mjigo womwe uja wa kuseri kwa sukulu, umene unafa chaka chatha. Angoupaka penti ya mtundu wa chipani. M'mawa ndinawaona anyamata awo akuthira ndowa za madzi m'paipi, kuti bwana akamapopa patuluke kanthu. Panatulukadi, nthungululu n'kumveka mpaka kumsewu.

Magalimoto atangochoka, amayi anga anapita ndi ndowa yawo. Anapopa mpaka thukuta kamukamu, mjigo ukungokhosomola. Kenako ananditembenukira.

"Bambo a digiri, si inu munkati uyu yekhayu ndi wosiyana ndi anzake? Tabwerani mundipopere."

Ndinapopa anthu akuseka. Panangotuluka dzimbiri.

Zakuba tinazizolowera. Chikundiwawa n'chakuti munthuyu ndinamukhulupirira ndi mtima wonse. Mawa amayi abwereranso kudambo ndi bondo lawo lotupa, kukatunga pomwe zimamwera ng'ombe. Ndawapempha kuti ndikawatungire pa njinga. Akana. Akuti wa digiri asamanyamule zigubu, azingokhala pamthunzi n'kumawasankhira atsogoleri.