Mazira a thadzi la bambo

Lolemba, 3 Malichi
Mazira khumi ndi awiri alowa m'makina anga oswetsera. Ndi otsiriza a thadzi la malemu bambo, lija linagwidwa ndi galu. Amayi manja kumbuyo: "Iwe, kabokosi aka kadziwa kufungatira?" Ndaseka. Pulogalamu ya m'kachipu koyendetsa makinawo ndinalemba ndekha.

Lachisanu, 7 Malichi
Kuntchito pulogalamuyo ndawaonetsa Madala, amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Intaraputi, yomwe ndi kapulogalamu kakang'ono, imadukiza pulogalamu yaikulu n'kulemba nambala ya kutentha. Nambalayo ndi ya mabaiti awiri, ndiye kuti zigawo ziwiri, cha kumtunda ndi cha kumunsi; pulogalamu yaikuluyo imawerenga chimodzichimodzi. Madala anapukusa mutu: "Ikakudukiza pakati utola theka lakale, theka latsopano. Tseka kaye intaraputi, kopera, tsegula." Ndinati zotere n'za kamodzi pa miliyoni. Matama basi.

Lachinayi, 13 Malichi
Mazira tawaunika ndi tochi. Khumi ali ndi timitsempha. Amayi amatsegula chitseko cha makinawo m'mawa uliwonse kuwapatsa moni, monga ankachitira bambo m'khola. Ndawaletsa, samva.

Lachitatu, 19 Malichi
Ndabwera kuchokera kuntchito, mazira ali zii. Kanyale kofiira kochenjeza kakuyaka. Amayi anali kuchipatala tsiku lonse. Ndaswa limodzi. Kamwanapiye kathunthu, nthenga zonse. Sindinadye.

Loweruka, 22 Malichi
Cholakwika ndachipeza. Nambala inkachoka pa 255 kupita pa 256. Pulogalamu inatola ziro wa kumtunda wakale ndi ziro wa kumunsi watsopano. Ziro. Ndipo ndine ndinailamula kuti ikaona ziro, ndiye kuti sensa yoyeza kutentha yafa, izimitse chotenthetsa mpaka munthu abwere. Inangondimvera.
Ndakonza. Mizere iwiri yokha ya pulogalamu. Madala sanandinyoze, anangondigwira paphewa. Bola akanandikalipira.

Lamulungu, 23 Malichi
Makina akuyenda bwinobwino, opanda kanthu m'kati. Mtima ukundiwawa.

Lachiwiri, 25 Malichi
Achemwali andiimbira. Akuti amayi sakudya. Amayiwo anawauza kuti: "Ndawapha ndine ndi kutsegulatsegula kwangaku. Mwana anandiletsa." Masiku asanu ndi limodzi akhala akusenza zimenezi, ine ndili chete, kukondwa mobisa kuti palibe wandifunsa.
Za mabaiti sadzazimva. Ndingowauza kuti Madala anandichenjeza, ine ndinakana.
Amayi ali pakhonde, akupukuta chomwera nkhuku cha bambo. Ndikupita kukawauza.