Mlandu wa Mphika Woboola

Mtunthama,
Kasungu.
Meyi, 1984.

Okondedwa Bambo a Agnesi,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu kumeneko ku maphunziro, ndiponso ngati chifuwa chija chinakusiyani. Ife kuno tadzuka. Agnesi wamera mano ena, akuluma aliyense. Koma ine ndakwiya, ndipo sindikubisirani.

Mukukumbuka maluwa awiri amene anandipatsa Mayi Perpetua, anamwino aja? Lina la masamba aatali ngati khonje, lina loyanga. Ndinkawasunga m'zitini pazenera la pabalaza, inu n'kumandiseka kuti ndayamba chizungu.

Sabata imene anatitenga pa lole kukaphunzira magule a chipani ku boma, amayi anu, amene anabwera kuchokera ku Simlemba kudzandigwirira mwana, ankawathirira m'mawa ndi madzulo ngati nazale ya fodya. Pamenepo sindiwadandaula, anachita mwachifundo. Koma pobwera ndinapeza masamba achita chikasu, dothi likununkha.

Ndinathamangira kwa Mayi Perpetua. Anati mizu yayamba kuola, ndiwasamutse msanga. Anati ndipeze mphika wokulirapo pang'ono, ndiuboole pansi kuti madzi azituluka, ndiyale mapale ndi timakala, kenaka dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa akale. Mizu yoola ndiidule ndi lezala. Kuthirira, anati ndizipisa kaye chala m'dothi. Ngati muli chinyezi ndizisiya.

Loweruka ndinayala zonsezi kuseri kwa khitchini. Mizu ndinaipeza itapindana ngati nkhata, ndinayamba kuimasula ndikung'ung'udza nyimbo. Potukula mutu ndinaona mlongo wanu Jenala ataima, manja ali m'chiuno, akuwerenga ndi maso: mphika woboola, mapale, makala, mizu, lezala. Anangothamanga kukaitana amayi.

Bambo a Agnesi, zimene zinatuluka pakamwa pa mlongo wanu! Anati tsopano amvetsa chifukwa chake inu, mphunzitsi wathunthu, mumachapa matewera a mwana, mumanditungira madzi ndikadwala, mumandiitana dzina pamaso pa anthu. Anati m'mtundu mwanu mulibe mwamuna wotero, ndiye kuti ndinakudyetsani konda ine, ndipo mankhwala ake ndimawalima m'nyumba momwemo. Amayi anangokhala pansi n'kuyamba kulira kuti mwana wawo anatha kale.

Ndinafotokoza mpaka malovu kuuma. Amayi anandifunsa kuti chomera chosadyedwa, chosagulitsidwa, munthu angachigoneke m'nyumba n'kumachipukuta masamba ndi kansalu chifukwa chiyani. Ndinati n'chokongoletsa basi. Jenala anaseka chikhakhali.

Nkhani Jenalayo anakaitula kwa akulu a mpingo. Lamulungu a Kalekeni, mkulu wa dera lathu lino, anabwera kudzandiuza kuti ndisavale yunifolomu ya Mvano, ndisayandikirenso mgonero, mpaka bwalo la mpingo litamva mlandu wanga kumapeto kwa mwezi uno. Ine Dailes, amene sindinapondepo pakhomo pa sing'anga chibadwire!

Pachitsime azimayi amasuntha ndowa zawo ndikafika. Koma mmodzi mwa omwewo, dzina ndisunge, ananditsata mpaka kuseri kwa chigafa cha fodya kudzapempha kanthambi, ati amuna ake sachoka ku mowa. Ndinamuthamangitsa.

Amayi anu akuti ndiphwanye miphikayo nkhani ithe. Ndakana. Ndikaphwanya ndiye kuti ndavomera. Maluwawo ali pazenera pomwepo, ndipo loyanga lija latulutsa kamphukira. Jenala akuti umenewonso ndi umboni.

Mayi Perpetua avomera kukaima pabwalo kufotokoza za makala ndi mapale. Koma za matewera iwo sangayankhe. Woyankha ndinu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mulembere a Kalekeni, bwalo lisanakhale, ndi dzanja lanu. Muwauze kuti zimene mumandichitira mumachita mutu wanu uli bwinobwino. Musandiyankhe ngati kale, zoti amayi ndi amayi, ndingopirira. Ndapirira zambiri, koma dzina la mfiti ya chikondi sindilisenza, ndipo sindilola kuti Agnesi akule akulozedwa chala. Mukakhala chete, ndimubereka mwanayu ulendo wa kwa amalume ku Lukwa.

Ngati mukuona kuti n'zamanyazi kuvomera pamaso pa amuna anzanu kuti mumakonda mkazi wanu popanda mankhwala, mundiuze poyera, ndidziwe kuti mlanduwu ndagonja bwalo lisanakhale.

Mupereke moni kwa a Cuthbert ndi anzanu onse a m'chipinda mwanu. Ambuye akusungeni, akupatseninso kulimba mtima.

Ndine mkazi wanu, kufikira mutanena zina,
Dailes